Ufa Wachikasu wa ku Thessaly

Tinanyamuka ku Volos Loweruka m'mawa, m'mimba mukadali modzaza. Usiku wake tinali pamalo omwera tsipouro, kachasu wa ku Greece wotcheza kuchokera ku makoko a mphesa. Kumeneko suitanitsa chakudya. Umangoitanitsa kabotolo kakang'ono, ndipo kabotolo kalikonse kamabwera ndi kambale kake: koyamba maolivi, kachiwiri tinsomba tokazinga, kachitatu nkhono za m'nyanja. Mnzanga wa ku Greece, amene ankayendetsa galimoto, anati zimenezo n'zakudya za anthu a kunyanja. Chakudya chenicheni, iye anatero, ndikachipeza kwa agogo ake, kumudzi wina kufupi ndi Karditsa.

Titangokwera zitunda za kuseri kwa mzindawo, dziko linatambasuka ngati mphasa. Ichi ndicho chigwa cha Thessaly, nkhokwe ya dziko la Greece, chozingidwa ndi mapiri a Olympus kumpoto, Pindus kumadzulo ndi Pelion kum'mawa, ndipo mtsinje wa Pinios umadutsa pakati pake. Unali mwezi wa Okutobala, nyengo yokolola thonje. M'mbali mwa msewu munali mbee ndi thonje logwa m'mathirakitala. Tirigu anali atakololedwa kale, koma apa ndi apo chimanga chouma chinali chikadaimirira m'minda.

Mnzangayo anapatuka dala kuti tidzere ku Kileler. Mu Malichi 1910 asilikali anawombera alimi pasiteshoni ya sitima ya pamenepo. Alimiwo ankapita ku Larissa kukadandaula kuti chigwa chonsecho chili m'manja mwa eni minda ochepa, pamene olima sankakhala ndi kanthu. Minda inagawidwa patapita zaka. Ndinaima pamenepo ndikudabwa kuti dothi lachonde chotere linkagonetsa anthu ndi njala.

Ku Farsala tinagula halva, chakudya chotsekemera chimene tauniyo imadziwika nacho. Amaphika sitachi, shuga ndi mafuta mumphika waukulu mpaka zitalimba, amaikamo amondi, ndipo pamwamba pake pamakhala ngati papserera. Ndinadya chidutswa chimodzi chokha, shuga anandikwana.

Tinafika kwa agogo dzuwa litapendeka. Anali mayi wamfupi wa zaka zoposa 90, atavala zakuda. Anatulutsa mu uvuni chiwaya chachikulu cha plastos. Pansi ndi pamwamba pake panali ufa wachimanga wokandidwa, pakati masamba a m'dimba ndi akutchire osakaniza ndi feta, tchizi choyera cha mkaka wa nkhosa. Nditaluma koyamba ndinaseka ndekha. Inali nsima ndi ndiwo zamasamba zophikidwira m'chiwaya chimodzi.

Ndinapempha mnzanga kuti awauze agogowo kuti kwathu timadya chimanga tsiku lililonse, masana ndi madzulo. Atamva, anasiya kudya, n'kundigwira dzanja. Nkhope yawo inali ya munthu wopepesa maliro.

“Mwana wanga, tsiku lililonse?” anafunsa kudzera mwa mdzukulu wawo. “Nkhondo sinathe kwanuko?”

Kenako anafotokoza za bobota, chikondamoyo cha ufa wachimanga, madzi ndi mchere basi. Mu 1941 dziko la Greece linalandidwa ndi asilikali a Germany, Italy ndi Bulgaria, ndipo m'chisanu cha chaka chimenecho anthu zikwizikwi anafa ndi njala, makamaka ku Athens. Iwo anali kamtsikana. Buledi wa tirigu anasowa, ndipo chimene chinawapulumutsa ndi bobota wouma wokanda kukhosi. Plastos amadya chifukwa muli tchizi ndi mafuta. Bobota anasiya kalekale, ndipo safuna kumuona m'nyumba mwawo.

Ndinayesa kuwalongosolera kuti kwathu munthu akadya mpunga kapena buledi amagona akunena kuti sanadye, chifukwa sanaone nsima. Anapukusa mutu. Koma ndikuyankhula choncho, maso anga anali pa ufa umene unatsala m'mbale yawo. Unali wachikasu. Ndinakumbukira amayi anga, amene mpaka lero sakhudza nsima yachikasu. Kwa iwo ufa wa mtundu umenewo ndi wa chithandizo, wobwera m'matumba chaka cha njala, wolandira pamzere. Nditawauza zimenezi, agogowo anaomba m'manja.

“Ndiye amayi ako ndi m'bale wanga,” anatero.

Tisanagone anandionetsa mzere wakuda pakhoma la khitchini, wofika m'chifuwa mwanga. Pamenepo ndi pomwe panalekezera madzi mu Seputembala 2023, pamene namondwe wotchedwa Daniel anamiza chigwacho. Thonje linawolera m'minda, nkhosa zinafera m'makola, ndipo nyanja ya Karla, imene anaiphwetsa mu 1962 kuti apeze minda, inabwerera kudzatenga malo ake. Ndinawauza kuti chaka chomwecho, mu Malichi, namondwe Freddy anakokolola midzi ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Sanafunse zambiri. Anangofuna kudziwa ngati anthu anadzalanso.

“Anadzala, agogo,” ndinatero.

M'mawa ndinapempha mphika ndi mthiko. Ndinaphika nsima ndi ufa wawo wachikasuwo, ndiwo zake masamba otsala a dzulo, othira tomato ndi anyezi. Mnzanga anadya mitanda iwiri. Agogo anayang'anitsitsa mmene ndikukanyira mbamu m'manja, kenako anatema kakang'ono, n'kusunsa, n'kutafuna pang'onopang'ono. Anati n'chofewa kuposa bobota. Sanatemenso kachiwiri, ndipo ine sindinawakakamize, monga mmene sindiwakakamizira amayi anga.

Potsazikana anandipatsa kathumba ka trahanas, tirigu wokanda ndi mkaka wosasa n'kuyanika padzuwa, amene amaphika ngati phala m'nyengo yozizira. Anati ndikawapatse amayi, ndipo ndikawauze kuti mulibe chimanga.