Ng'oma za Machona mu Harare

Munthu wofika mu Harare masiku ano, akapeza zilombo za gule wamkulu zikupalasa pamaso pa nduna za boma ndi alendo ochokera kutsidya kwa nyanja, zimkuzamawu zikugunda uku ndi uku, anyamata ndi atsikana atakweza mafoni awo m'mwamba kuti ajambule, sangaganize konse kuti ng'oma zomwezo, m'masiku a ubwana wanga, zinkalira mozemba kumabango a mtsinje wa Mukuvisi, ndi kuti eni ake ankayesedwa anthu oopsa, amene kholo lanzeru silikadawapatsa mwana wake wamkazi. Ine ndidabadwira mu lokeshoni ya Harari, imene tsopano itchedwa Mbare, mzindawu ukali kutchedwa Salisbury. Ndipo popeza Mulungu wandisunga kufikira imvi, ndaona ndi maso anga nyengo zonse ziwiri, ya manyazi ndi ya ulemu, kotero kuti ndikhoza kunenapo kanthu za chimene tidapindula ndi chimene chidatipulumuka m'manja.

Atate adachoka ku Dedza akali mnyamata, msonkho utawapanikiza, nayenda pansi ndi anzawo kudzera m'dziko la Apwitikizi, naoloka Zambezi pa Tete, nalowa m'dziko lino cha ku Mtoko, mapazi atatupa ndi kamba atatha. Ena adadza pa magalimoto a Ulere, ena adalembedwa ntchito ndi a Mthandizi. Koma onse adali ndi mtima umodzi, wakuti akagwira ntchito zaka ziwiri kapena zitatu, akagula njinga, bulangete ndi nsalu ya amayi awo, adzabwerera kwawo, pakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma iwo sadakamuke. Adamwazikana m'migodi ya Shamva ndi Bindura, m'minda ya Azungu ya ku Mazowe, m'makhitchini ndi m'mashopu a matelala, nakwatira, nabala ana, ndipo kumudzi adayamba kuwawerengera pamodzi ndi machona. Tsono padali chinthu chimodzi chimene chinkawasiyanitsa ndi eni nthaka. Mshona akamwalira m'tauni, abale ake ankamunyamula kukamuika kwawo, pafupi ndi makolo ake. Koma munthu wa ku Nyasaland adalibe koti n'kumutengera, ndipo mantha ake aakulu, oposa mantha a njala kapena a ndende, adali akuti angadzaikidwe ndi akaidi m'dzenje la boma, popanda womusambitsa, popanda womulira.

M'mantha amenewo ndimo mudabadwa masosaite a maliro, ndipo monga ndidaonera ine, m'masosaitewo ndimo mudaphukira magule amene lero tikuwatcha zikondwerero za chikhalidwe. Lamulungu loyamba la mwezi, amuna a ku Dedza ankasonkhana patsinde pa mtengo kuseri kwa nyumba yathu, atavala majekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mlembi ankatsegula buku lachikuto chakuda, naitana munthu aliyense pamfunda, a Phiri, a Banda, a Mbewe, a Mwale. Ndipo woitanidwayo ankaimirira, navula chipewa, naponya masheleni ake m'mbale yachitsulo kuti onse amve kulira kwake. Wolephera kusonkha sankatukwanidwa ayi, koma mkulu wina ankamukumbutsa mofatsa kuti maliro n'kulirana, ndipo mawu amenewo ankakwanira. Buku likatsekedwa, ndi pamene mowa unkatuluka, ng'oma n'kuyamba kuitana. Atonga a ku Nkhata Bay ankadza ndi malipenga awo a zikho, atavala makabudula oyera ndi masokosi ofika m'mawondo, akuguba mwaulemu ngati asilikali a mfumu; Ayao ankadza ndi beni, mamendulo ali pachifuwa; amayi athu ankazungulira chimtali, zitenje atamanga m'chiuno. Padalibe chikalata chomata pakhoma, padalibe wolipira pakhomo. Uthenga unkayenda pakamwa, kuchoka m'khitchini ya Mzungu uyu kufika m'khitchini ya Mzungu uyo, ndipo tsiku likafika bwalo linkadzaza.

Koma gule wamkulu adali nkhani ina. Atate, pokhala mkulu wa mpingo wa CCAP, sankalola kuti mwana wawo aponde pabwalo lake; pamene atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, adali woimba mbalule wodziwika kuyambira Harari mpaka Highfield, ndipo amuna awiriwa, amene padambwe ndi patchalitchi adali ngati a maiko awiri, patsinde pa mtengo uja ankaponya masheleni m'mbale imodzi. Ndinkakonda kuwaonerera atsibweni akuwamba ng'oma yawo pamoto wa udzu, akuitembenuza pang'onopang'ono kuti chikopa chisapserere, akuigogoda ndi chala chimodzi khutu atatchera, kenaka n'kumata phula pakati, n'kugogodanso, n'kuchotsako pang'ono, kufikira liwu litafika pamene ankalifuna. Ndipo nthawi yonseyo sankalankhula ndi munthu. Za kudambwe sindinena, pakuti si zanga kuzinena. Chimene ndinena n'chakuti gule ankatuluka pa chifukwa: pa maliro a munthu wometa, pa m'meto, pomanga chiliza. Ankayamba usiku, nachezera kufikira tambala woyamba, popanda womufulumiza; amayi ankayankha nyimbo ndi kuomba m'manja, ndipo nyimbozo zinkadzudzula womana, wachigololo, ndi mwamuna woiwala ana ake kumudzi, moti bwalo lonse linkadziwa amene akunenedwa, mwini wake n'kumangoyang'ana pansi. Wokondwa ankatuluka m'khamumo kukasupa ndi tiki, ndipo tikiyo siinali mtengo wa gule, idali kuthokoza chabe.

Anansi athu Achishona akamva mbalule ankatseka zitseko ndi kuitanira ana m'nyumba. Kusukulu tinkatchedwa mayina achipongwe amene sindifuna kuwalemba pano, ndipo ife ana tidaphunzira msanga kusiya Chichewa pakhomo pa nyumba, n'kumalankhula Chishona chokhachokha m'misewu. Ena mwa anzanga, atakula, adasintha ngakhale mfunda wawo kuti apeze ntchito kapena mkazi. Sindiwaweruza, pakuti goli limene adasenza ndidalisenzanso ine.

Kusintha sikudadze tsiku limodzi. Mpikisano wa magule a makolo wa Chibuku Neshamwari, umene udayamba mu 1963 ndipo ukuchitikabe kufikira lero, udazoloweretsa anthu kuona magule a mitundu yosiyana pabwalo limodzi. Ufulu utadza mu 1980, ndipo mu 1982 mzindawu utalandira dzina la Harare, boma latsopano lidafuna kuti masiku aakulu a dziko, pamodzi ndi tsiku la Africa la pa 25 May, azikometsedwa ndi ng'oma za anthu akuda, ndipo ng'oma zathu zidaitanidwa nawo. Pambuyo pake adadzuka oimba sungura obadwa kwa makolo a ku Malawi, monga Alick Macheso wa ku Shamva, amene sadachite manyazi kuimba m'chilankhulo cha makolo awo. Tsiku limene ndidamva Chichewa chikutuluka pa wailesi m'basi yodzaza, anyamata Achishona akuimba nawo mokweza ngakhale mawu ankawakhotetsa, ndidayang'ana kuwindo kuti anthu asaone nkhope yanga, pakuti ndidakumbuka amayi, amene moyo wawo wonse ankanong'ona akamalankhula nafe pamsika.

Komabe ndiyenera kunena choona, kuti ulemu udayamba kufika pa gule usadafike pa eni gule. Kuyambira chaka cha 2000, minda ya Azungu italandidwa, antchito ambiri a m'mindamo, amene adali ana ndi adzukulu a machona, adatsala opanda ntchito ndi opanda pogona. Lamulo la unzika la 2001 lidasandutsa alendo anthu obadwira m'dziko lino, amene sadaonepo phiri la Dedza ngakhale m'maloto. Mu May 2005 kudadza Murambatsvina, pamene nyumba ndi misasa ya m'malokeshoni zidagwetsedwa, ndipo bungwe la United Nations lidawerengera kuti anthu pafupifupi 700,000 adataya nyumba kapena njira yopezera chakudya; ouzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo adalipo ambiri, koma athu ankangoyang'anana, posadziwa mudzi umene ukunenedwa. Ndipo taonani, mu November chaka chomwecho, bungwe la UNESCO lidalengeza kuti gule wamkulu ndi chimodzi mwa chuma chopambana cha mtundu wa anthu, pamodzi ndi gule wa mbende jerusarema wa anansi athu. Koma maiko amene adatchulidwa pa gule adali Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo ife a ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku tidamva nkhaniyo tili pakati pa njerwa zogumuka. Mpumulo udadza mu 2013, pamene malamulo atsopano a dziko adazindikira kuti wobadwira kuno kwa kholo la dziko la SADC ndi nzika yobadwa. Koma ambiri a m'badwo wa atsibweni adali atagona kale ndi chitupa cholembedwa kuti mlendo.

Chaka china posachedwapa mdzukulu wanga wamkazi adandigwira dzanja kupita nane ku chikondwerero china cha magule pakati pa mzinda. Tidakhala pamipando ya pulasitiki pansi pa tenti. Woulutsa adaitana gulu la gule ndi mawu aulemu, m'Chishona ndi m'Chingerezi. Oimba ng'oma adakwera pansanja atavala malaya ofanana, ndipo ng'oma zawo adaziwamba kuseri pamoto wa makatoni. Mnyamata wa mbalule adali waluso ndithu, moti atsibweni akadakhalapo akadagwedeza mutu movomereza. Koma chilombo chitangoyamba kumva kukoma, thupi litangoyamba kumasuka, nthawi yawo idatha, pakuti magulu ena adali kudikira. Oweruza adalemba manambala pamapepala awo, ndipo nsanja yamatabwa siidatulutse fumbi. Nyimbo adaziimba mokoma, koma m'khamu lonselo padalibe woyang'ana pansi, popeza sizinkanena munthu aliyense wa pamenepo. Mdzukulu wanga adajambula zonse, nazitumiza pa WhatsApp kwa abale athu a ku Dedza, amene ife pa ubwana wathu tinkadikira kalata yawo miyezi yambiri; kenaka adatembenuka, maso akuwala, nati kwa mnzake wakusukulu, "Awa ndi akwathu." Mawu amenewo ine pa msinkhu wake sindikadawanena pagulu.

Chifukwa chake sindili pamodzi ndi okalamba anzanga amene amati gule wa pansanja ndi malonda chabe, ndipo kuti kukadakhala bwino akadatsala kumabango. Iwo aiwala kulemera kwa manyazi aja. Tidapempha kuti tionekere, ndipo taonekera. Walira mvula walira matope. Mnyamata wosowa ntchito akapeza kangachepe pa luso la makolo ake, palibe tchimo pamenepo, ndipo anyamata ena Achishona tsopano amagula njira ndi kumeta, chinthu chimene atsibweni sakadakhulupirira. Chimene chimandivutitsa usiku n'china: gule wa makolo athu ankaimira pa mapazi awiri, chilankhulo ndi maliro, ndipo mapazi onsewo akufooka. Ana athu amamva Chichewa koma amayankha m'Chishona. Adzukulu athu ambiri sachimva n'komwe. Masosaite nawonso atha mphamvu, popeza makampani a inshuwalansi ya maliro amabwera ndi bokosi, tenti ndi basi, ndipo munthu wolipira mwezi ndi mwezi pa foni saona chifukwa chokhalira patsinde pa mtengo ndi nkhalamba. Kampaniyo imagwira ntchito yake bwino, sindiitsutsa. Koma siidziwa mfunda wa womwalirayo, ndipo siichezera.

Mlembi womaliza wa sosaite ya atate, amene adalandira buku lakuda lija ali mnyamata, adatisiya miyezi yapitayi, ndipo tidakamuika ku manda a Granville. Adali wometa. Ndidatumiza uthenga kwa mtsogoleri wa gulu lina la anyamata, ndili ndi nkhawa kuti andifunsa za ndalama, pakuti ndidamva kuti masiku ano satuluka popanda kulipidwa. Iye adangoti, "Agogo, tipezereni galimoto yonyamula ng'oma basi, zinazo ndi udindo wathu." Adafika madzulo, nachezera usiku wonse pafumbi lenileni, popanda woweruza ndi popanda wowerenga nthawi. Koma pofika pa nyimbo zakale za maliro zidaoneka kuti oziyambitsa adali amayi atatu okha okalamba, anyamata ndi atsikana n'kumangotsatira m'mbuyo. Ndipo kumanda, mbiri ya malemu nditaifotokoza m'Chichewa, padafunika wina woimasulira m'Chishona kuti ana a malemuwo amve za bambo wawo.

Titasamba m'manja pobwera kumanda, mtsogoleri uja adapita pamene padakhala amayi atatu aja, nagwada, nawapempha kuti aziphunzitsa gulu lake nyimbozo pamodzi ndi matanthauzo ake, ndi nyengo imene iliyonse iyenera kuimbidwa. Iwo adanong'onezana kanthawi, navomera, pokhapokha awalipirire basi ndi kuwagulira shuga. Tsopano amakumana Loweruka masana kuseri kwa nyumba ina ku Mufakose, ndipo mdzukulu wanga amapita nawo ndi kope lake. Mmodzi mwa amayiwo maso adayamba kuchita khungu, koma ndiye amene amakalipa koposa onse akamva mwana waphonya mawu, ndipo amaimitsa ng'oma kuti ayambirenso.