Baji Imene Akulu Anga Anaisiya

Mu Disembala 2024, sukulu zitatsekera, ndinakwera basi pa Intercity ku Lusaka kupita ku Chipata. Kuchoka apo ndinakwera galimoto yaing'ono ya ku Chadiza, kenako njinga yamoto mpaka kwa Mlolo. M'chikwama munali shuga, sopo, mafuta ophikira ndi makope. Pansi pa zonsezi panali Game Boy Color yakale, katiriji yofiira ya Pokémon Red, ndi mabatire asanu ndi atatu.

Zinthuzi zinali za akulu anga. Anazigula cha m'ma 2002 kwa munthu wina wa salaula pa Soweto Market, ndi ndalama zimene anapeza poyendetsa wilibala. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Chawama, ine ndili ndi zaka 11. Ntchito yanga inali kukhala pambali, kusuzumira paphewa pawo, ndi kuthamangira ku kantemba mabatire akatha. Akulu angawo anamwalira mu 2015, n'kusiya mkazi ndi mwana wamwamuna wazaka zitatu. Maliro atatha, alamu anga anabwerera kwawo kwa Mlolo ndi mwanayo, pakuti kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Pogawa katundu wa malemu, Game Boy palibe anaifuna. Ndinaiika m'sutikesi, ndipo inagona mmenemo zaka zisanu ndi zinayi.

Inu amene mwakulira pa FIFA ya m'mashopu a magemu ndi Free Fire ya pafoni, mwina Pokémon mumangoidziwira pa Pikachu wa pazikwama za ana. Gemu yoyamba inapangidwa ndi kampani ya Game Freak, ndipo Nintendo inaitulutsa ku Japan mu 1996. Ya Chingerezi, Red ndi inzake Blue, inatuluka ku America mu 1998 ndi ku Ulaya mu 1999. Wosewera amakhala mnyamata wa m'kamudzi kotchedwa Pallet Town. Professor Oak amamupatsa kanyama kamodzi mwa titatu, Bulbasaur, Charmander kapena Squirtle, n'kumutuma kuti akayende dziko lonse la Kanto, azigwira tinyama tina, azitilera ndi kutimenyanitsa. Mitundu yonse ilipo 151, koma woyenda nawo sapitirira asanu ndi mmodzi. M'matauni muli akatswiri asanu ndi atatu, aliyense ndi baji yake, ndipo ukatolera zonse umakakumana ndi Elite Four.

Usiku woti mawa ndinyamuka, ndinaika mabatire kuti ndione ngati makinawo akadali moyo. Anayaka. Chimene chinandikhazika pansi n'chakuti gemu ya akulu anga inali ikadalimo: dzina lawo, mabaji 7, maola 112. M'kati mwa katiriji muli kabatire kakang'ono ngati batani la shati, ndipo ndi kameneko kamene kamasunga pamene munthu walekezera. Kakangotha, zonse zimafufutika. Aka kanali katapirira zaka zoposa 20. Vuto linali limodzi: katiriji imeneyi imasunga gemu imodzi yokha. Ukayamba yatsopano n'kuisunga, yakale yapita.

Choncho nditafika kwa Mlolo ndinaika lamulo. Mwana wa akulu anga, amene tsopano anali ndi zaka 12, akhoza kusewera mmene angafunire, koma ayambe gemu yatsopano ndipo asaisunge. Chifukwa chake sindinamuuze. M'mawa tinkapita kukapalira chimanga, masana n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, pakuti sikirini ya Game Boy Color ilibe kuwala kwakekwake. Dzuwa likalowa, masewera atha.

Ndinene zoona, nditaiyang'ana ndi maso a munthu wamkulu, gemu imeneyi ili ndi zotopetsa zambiri. Mnyamata wa m'gemumo sathamanga, amangoyenda ngati wadya nsima ya pamaliro. M'mapanga a Mt. Moon ukaponda kangapo watulukira Zubat, ukamugonjetsa watulukiranso mnzake. Chikwama chimangolola mitundu 20 ya zinthu, ndiye nthawi zonse ukutaya ichi kuti utole icho. Tinyama ta mtundu wa Psychic tili ndi mphamvu yopitirira muyeso, moti ukakhala ndi Alakazam anzako onse asanduka ana. Zithunzi za tinyama tako, poti umationa chakumsana, zimaoneka ngati munthu wajambula ndi khala pakhoma. Mwana wa ku Kanyama wozolowera foni angaiponye pansi pasanathe mphindi khumi, ndipo sindingamudzudzule.

Koma mwana wa kwa Mloloyu sanaiponye. Nditamuuza kuti tinyama timabisala m'udzu wautali ndipo mtundu uliwonse uli ndi malo ake, anangogwedeza mutu ngati ndamuuza kuti madzi ndi onyowa. Iye amadziwa una umene muli mbewa ndi umene muli njoka, amadziwa chulu chimene chidzatulutsa inswa mvula ikagwa madzulo, amadziwa kuti chiwala umachigwira m'mawa mame asanaume. Anazindikira yekha kuti kanyama uyenera kukafooketsa kaye usanakaponyere mpira wogwirira, ndiponso kuti ukakamenya kwambiri wakataya. Apa ndinakumbukira kuti Satoshi Tajiri, amene anayambitsa Pokémon, ali mwana ankakonda kugwira tizilombo m'matchire a ku Machida, kufupi ndi mzinda wa Tokyo, matchirewo asanasanduke nyumba ndi misewu. Gemuyi anaipangira ana a m'tauni amene analibenso tchire. Ine wa ku Chawama ndinali mmodzi wa ana oterowo. Mwana uyu tchire anali nalo kuseri kwa nyumba, ndipo gemuyo anaimva msanga kuposa mmene ine ndinaimvera.

Chinanso chimene sichinakalambe ndi masamu a m'nkhondo zake. Madzi amazimitsa moto, moto umatentha udzu, udzu umamwa madzi, magetsi sagwira kanyama ka m'nthaka. Munthu sufunika zala zothamanga, umafunika kuganiza usanadine batani. Mwanayo anasankha Charmander, kanyama ka moto, ndipo atafika ku Pewter City anakunthidwa ndi Brock ndi tinyama take ta miyala. Sanalire. Anabwerera m'udzu kukalimbitsa gulu lake.

Monga mphunzitsi ndinaonanso china. Gemuyi ilibe mawu olankhulidwa. Chilichonse uyenera kuwerenga. Mwanayu anaphunzira m'Chinyanja kuyambira giredi 1 mpaka 4, ndipo Chingerezi amachiopa ngati mmene ana anga ambiri a m'kalasi amachiopera. Koma pansi pa mango ankawerenga mokweza, mawu amodziamodzi, n'kumandifunsa tanthauzo, chifukwa akapanda kumva zimene nkhalamba ya m'gemumo yanena, njira siitseguka. Ndinakumbukira kuti nanenso mawu ambiri a Chingerezi ndinawatolera paphewa pa akulu anga, osati pabolodi.

Tsiku lachitatu anazimitsa makinawo n'kukhala chete. Kenako anati, “Atate aang'ono, bwanji tsiku lililonse ndiyambira pamodzimodzi? Dzulo ndinagwira Pikachu, lero kulibe.”

Ndinayankha zozungulira. Alamu anga anali pafupi akusadzula ndiwo, ndipo madzulo mwana atapita kukatsekera mbuzi anandifunsa. Ndinawafotokozera zonse, za kabatire, za gemu imodzi yokha, za maola 112. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, “Alamu, ndiye mwabweretsera mwana chinthu cha atate ake, koma mukumuletsa kuona pamene atate akewo anagwira? Munda wa malemu sitiusunga poulekerera tchire. Timaupatsa mwana alime.”

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinaona kuti zimene ndinkati ndikusungira mwana ndinkadzisungira ndekha. Ine akulu anga ndinakhala nawo zaka zoposa 20. Iye ali ndi zithunzi ziwiri ndi nkhani za anthu ena. Ndiponso kabatire kaja sikadikira kuti ine ndikonzeke. Tsiku lina kadzatha kaya gemuyo yaseweredwa kaya ayi.

M'mawa mwake titaweruka kumunda ndinamupatsa makinawo n'kumuuza kuti asankhe mzere wapamwamba, wopitiriza. Anawerenga dzina limene linatuluka, n'kundiyang'ana, n'kuyang'ananso pasikirini. Anatsegula mndandanda wa tinyama. Akulu anga onse anawapatsa mayina a Chinyanja. Blastoise, kamba wamkulu wa madzi, anali KAMBA. Raticate anali MBEWA. Pidgeot anali KABAWI. Snorlax, chimphona chimene chimangodya ndi kugona pakati pa msewu, anali AMALUME. Alamu anga atamva limeneli anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, chifukwa amalume akewo ankawadziwa bwino. Ine ndinali nditaiwala kuti akulu anga anali munthu wanthabwala chotero. Zaka zonsezi ndinkangowakumbukira ali pamphasa, akudwala.

Mnyamata wa m'gemumo anali ataima ku Viridian City, pakhomo pa nyumba ya katswiri womaliza, Giovanni, mtsogoleri wa gulu la akuba la Team Rocket. Ndili mwana ndinkaganiza kuti akulu anga analekera pamenepo chifukwa panali povuta. Mwana wawo analowa, anavutika pang'ono ndi mivi ya pansi imene imazunguza munthu n'kumuponya kumene safuna, kenako anafika kwa Giovanni. Anaona kuti tinyama take ndi ta m'nthaka, anatulutsa KAMBA, ndipo pasanathe mphindi zisanu baji yachisanu ndi chitatu inali m'manja. Panalibe chovuta chilichonse. Akulu anga anangopeza ntchito, anakwatira, anabereka, n'kumati adzamaliza tsiku lina.

“Ndisunge?” anafunsa.

Ndinatenga foni n'kujambula kaye sikirini ija, mayina onse ndi mabaji 7 aja a pachiyambi anali atasintha kale kukhala 8. Ndinati, “Sunga, mwana wanga.” Anadina. Palibe chinagwa kumwamba. Alamu anatiitana kuti nsima yapsa.

Mukandifunsa ngati Pokémon Red ikadali gemu yabwino, ndinena kuti ndi yochedwa, yosaoneka bwino ndiponso yobwerezabwereza, koma mafupa ake ndi olimba, n'chifukwa chake ana ake akutulukabe mpaka lero. Anthu amene anaipanga anaikonza dala kuti munthu mmodzi asathe kugwira tinyama tonse yekha: tina tili mu Red mokha, tina mu Blue mokha, ndipo Kadabra sasanduka Alakazam pokhapokha mutasinthana ndi mnzanu kudzera pa chingwe cholumikiza ma Game Boy awiri. Ife ku Chawama chingwecho tinalibe, ndi mnzathu wa Blue tinalibe. Mwina n'chifukwa chake ndinazolowera kuganiza kuti gemu ndi chinthu chobisa m'sutikesi.

Game Boy ndinaisiya kwa Mlolo. Ndisananyamuke, mwanayo anakopera mayina a tinyama tonse ta atate ake kumapeto kwa kope limodzi mwa aja ndinabweretsa, kuti kabatire kakadzatha asadzasowe poyambira. Mu Febuluwale anandiimbira pafoni ya amayi ake. Anati wasochera m'phanga la Victory Road, miyala yokankha ikumusokoneza, ndipo mabatire onse asanu ndi atatu atha. Ndinamufotokozera za miyalayo mmene ndikukumbukira, ndipo mwezi utatha ndinatumiza ndalama ya mabatire pamodzi ndi ya yunifomu.