Nzeru za khonje, nkhadze ndi chinanazi

Abale anga a kuno ku Mualadzi, kodi munayamba mwadzifunsapo chifukwa chake khonje ndi nkhadze siziuma ngakhale ng'amba ikule bwanji? Mu February 2024 mvula itadula, chimanga chathu chinapiringiza masamba nkupserera chisanabereke. Koma mpanda wa nkhadze umene malemu agogo anadzala pakhola unangoti biriwiri, ngati kuli kudimba. Ine funso limeneli linandisowetsa tulo, mpaka ndinakafufuza m'mabuku.

Nkhani yagona pa kapumidwe. Tsamba lililonse lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, tolowera mpweya uja ife timatulutsa popuma. Mpweya umenewu ndiwo mbewu imapangira chakudya chake dzuwa likawala. Vuto ndi lakuti timabowoti tikatseguka, madzi nawo amathawira pomwepo. Chimanga, mtedza ndi fodya zimatsegula masana, dzuwa lili pamutu, ndiye madzi ambiri amangopita ndi mphepo.

Khonje satero ayi. Masana amatseka zitseko zake kuti gwa! Usiku kukazizira ndi pamene amatsegula, nkukoka mpweya, nkuusunga m'masamba ake okhuthala aja ngati madzi owawasa. Kukacha amatsekanso, nayamba kuphika chakudya ndi zimene anatuta usiku. Akatswiri amati njira imeneyi ndi CAM. Mu 1815 kunasindikizidwa kalata ya Benjamin Heyne, amene ali ku India analawa tsamba la chomera china chotere napeza kuti m'mawa nlowawasa, koma pofika masana kuwawasa kwatha. Chonde musayeseko ndi nkhadze, paja mkaka wake ndi poizoni ndipo umaononga maso.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri nchakuti zomera zimenezi si pachibale chenicheni. Khonje kwawo ndi ku Mexico, ndipo anafika ku Tanganyika mu 1893. Chinanazi chinachokera ku South America, nkuwoloka nyanja ndi zombo za Apwitikizi. Nkhadze ndi alovera wa m'mapiri mwathumu ndi mbadwa za mu Africa muno. Akatswiri akuti mitundu ya zomera yoposa 16,000, ya m'mabanja oposa 30, imapuma usiku chonchi. Sizinatengere kwa kholo limodzi. M'zaka mamiliyoni ambiri, mabanja ambiri anakumana ndi ludzu kwawo, ndipo zimene zinkasunga madzi ndi zimene zinapulumuka nkusiya mbewu. Nkhadze inachita kuphatikiza: timasamba take timapuma masana mvula ikakhalapo, tikayoyoka nthambi zobiriwira zija zimapitiriza ntchito usiku.

Komatu nzeru imeneyi ili ndi mtengo wake. Wotuta usiku wokha satuta zambiri, nchifukwa chake mbewuzi zimakula mochedwa. Chinanazi chimatha chaka ndi theka kapena ziwiri chisanabereke. Khonje amafuna zaka ngati zitatu musanayambe kudula masamba. Choncho sindikunena kuti tisiye chimanga, pakuti nsima ya khonje kulibe.

Chimene chikundiwawa nchakuti mipanda imeneyi tikuigwetsa. Achinyamata akuti nzachikale, mumabisala njoka. Tsono chaka ndi chaka tikudula mitengo kuthengo yomangira khola, ndi kugula zingwe zapulasitiki kumsika ndi ndalama zimene zikanagula mchere, pamene khonje wapakhomo akanatipatsa chingwe cha mbuzi ndi chosokera fodya kwaulere. Mzere wa khonje m'malire mwa munda umatchinga ng'ombe, umagwiranso nthaka kuti isakokoloke, osapempha ndowa ya madzi ngakhale imodzi.

Chilala chinabwera mu 1992, chinabweranso mu 2016 ndi mu 2024, ndipo chidzabweranso. Mvula ikayamba chaka chino, tiyeni tipemphe tiana ta khonje kwa anansi amene anasunga, tidzale m'malire ndi m'malo amiyala mosamera chimanga. Zaka zitatu si zambiri. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.