Nyenyezi Yotsiriza

Anzanga, ndifuna kukuuzani za masewera amene anandidyera masiku onse opumulira sukulu caka catha. Amalume anga pobwera kucokera ku Joni anatenga makina akale ochedwa Nintendo 64, pamodzi ndi masewera a Super Mario 64. Masewerawa anapangidwa ku Japan m'caka ca 1996, ine ndisanabadwe, ndipo amene anatsogolera nchito yace ndi Shigeru Miyamoto. Amalumewo anati, "Seweretsani, koma tsiku lobwerera ndinyamula."

Nkhani yace ndi yacidule. Cirombo china dzina lace Bowser calanda nyumba yacifumu ndi kubisa nyenyezi 120. Mario, kamunthu ka ndebvu za pamlomo ndi cipewa cofiira, ayenera kuzifuna. Alumphira m'zithunzi zopacikidwa pa makoma, ndipo kuseri kwa cithunzi apeza dziko lathunthu, la mapiri kapena la madzi. Maiko otere alipo 15, liri lonse ndi nyenyezi 7. Zina 15 zabisika m'nyumba momwemo. Cimene cinandidabwitsa ndi cakuti munthu sayenda njira imodzi yokha. Ukhoza kuzungulira phiri, kusuzumira kuseri kwa mtengo, kapena kungoima ndi kumapenya.

Kuti ukafike kwa Bowser pafunika nyenyezi 70 zokha. Ukakwera makwerero otsiriza usanazikwanitse, ungokwera osafika, monga munthu wa m'maloto. Ine ndinazikwanitsa, ndinamgonjetsa Bowser, koma mtima sunakhale pansi. Ndinafuna zonse.

Mphwanga wa zaka 6 anali kukhala pambali panga tsiku ndi tsiku. Iye za nyenyezi analibe nazo kanthu. Anakonda malo amodzi okha, phiri la cisanu la Cool, Cool Mountain, kumene kamwana ka mbalame yochedwa penguin kasocera, ndipo uyenera kukanyamula kunka nako kwa mace. Ndikampatsa mpata anali kungonyamula kamwanako, kukatula, ndi kuyambanso. Ine ndinayesa kumeneko kutaya nthawi, tsono mpatawo ndinayamba kumpatsa kamodzikamodzi.

Litatsala tsiku limodzi kuti amalume apite, ndinali ndi nyenyezi 119. Yotsalayo inali ya ku Rainbow Ride, dziko la m'mwamba kumene uyenda pa mkeka wouluka potsata utawaleza, pansi popanda nthaka. Nyenyezi imeneyi ibwera ukatola makobidi 100: lacikasu liwerengedwa limodzi, lofiira awiri, lobiriwira ngati thambo asanu. Bvuto lace ndi ili, ukagwa makobidi onse atayika, uyambanso popanda kanthu. Ndinagwa kambiri, sindinawerenge. Cakudya ca masana ndinacisiya cizizire, ndipo amai anandidzudzula kawiri.

Madzulo ndinafika pa makobidi 94. Manja anali thukuta lokha-lokha. Pamenepo mphwanga anandigwira mkono nati, "Acimwene, mundibwerekeko pang'ono, mawa apita nazo." Cala cinatsetsereka, Mario uyo, pansi! Ndinaimirira ndi kumkankha mwanayo, nagunda mutu pa mwendo wa tebulo. Sanalire mokweza. Anangoturuka atagwira pamphumi. Ndicita manyazi kulemba kuti sindinamtsate. Ndinakhalanso pansi ndi kuyambanso.

Nyenyeziyo ndinaipeza dzuwa litalowa. Ukakwanitsa 120, pabwalo patseguka mzinga umene ukuponyera pa tsindwi la nyumba yacifumu. Kumeneko ndinapeza Yoshi, kanyama kobiriwira, ndipo anandipatsa miyoyo 100. Ndinaipenya miyoyo ija ikuwerengeka, ndipo ndinazindikira kuti ndiribe koigwiritsa nchito, pakuti panalibenso cotsala coti nditole. Ndinaceuka kuti ndinene, "Taona!" koma pa mphasa panalibe munthu.

Ndinampeza pakhonde ali kukonza galimoto lace la mawaya, pamphumi patatupa ngati dzira la njiwa. Ndinamuuza za Yoshi ndi za mzinga. Anamvetsera osandiyang'ana, kenaka anafunsa ngati kamwana ka penguin kaja kali kwa mace. Ndinati tiyeni tikaone. Polowa m'nyumba tinapeza amalume atazula kale zingwe, ali kuzikulunga ndi kuzilonga m'cikwama.