Otsala Pakhomo

Pa Boma la Mangochi, limene kale linkatchedwa Fort Johnston, pali mfuti yaikulu pafupi ndi nsanja ya koloko. Mfutiyo inachokera m'sitima yotchedwa Guendolen, imene mu August 1914 inaombera sitima ya Ajeremani pa doko la Liuli. Alendo amaima pamenepo nakamba za asilikali. Koma akazi ndi nkhalamba amene anatsala m'midzi m'masiku a nkhondo alibe chipilala chowakumbukira. Nkhani ino ndi ya mmodzi wa iwo.

Mayi ameneyu ankakhala m'mbali mwa nyanja, kufupi ndi Malindi. Nkhondo yachiwiri itabuka mu 1939, mwamuna wake analembedwa usilikali wa K.A.R. napita ku Zomba. Anasiya ana atatu, munda, bwato ndi ukonde. Amake a mayiyo, amene anaona nkhondo yoyamba ija, yotchedwa ya Chiwaya, anangopukusa mutu. Iwo ankakumbukira amuna ogwidwa kukasenza mtengatenga, njala imene inatsatira, ndi nthenda ya fuluwenza ya 1918 imene inapululutsa anthu. Tsono anati kwa mwana wawo, "Mwanawe, gwira khasu. Misozi sidzadza nkhokwe."

Ntchito zonse za mwamuna zinagwera iye. Kuswa mphanje, kufolera denga, kumanga nkhokwe, zonsezo zinali pamutu pake. Bwato analibwereketsa kwa mkulu wina wa m'mudzimo, ndipo malipiro ake anali kagawo ka usipa kapena chambo ziwiri zitatu, ngati mwera sunaletse asodzi kulowa m'madzi.

Posakhalitsa katundu anayamba kusowa m'masitolo a Amwenye. Nsalu, makasu ndi mabulangete zinakwera mtengo. Chifukwa chake chinali ichi: sitima za panyanja zazikulu zinatanganidwa ndi kunyamula asilikali ndi zida, ndipo zambiri zinamizidwa ndi adani. Ndiponso nsalu zotsika mtengo zimene zinkachokera ku Japan zinaleka kufika, pakuti mu 1941 dzikolo linalowa nkhondo kumbali ya adani. Mayi uja anasoka zigamba pamwamba pa zigamba, ndipo nkhalamba zina zinayambanso kusula chiwondo monga ankachitira makolo.

Usiwa umenewu sunali wa kuno kokha. Ku Britain nakonso anthu wamba anali pa mavuto. Mu September 1939 ana ambiri a mu London anatumizidwa kumidzi kuopa mabomba. Usiku mazenera onse ankatchingidwa kuti ndege za adani zisaone kuwala. Kuyambira mu 1940 munthu sankagula shuga, batala kapena nyama monga afunira, koma mwa muyeso wolembedwa m'kabuku. Mu 1941 anaika muyeso pa zovala zomwe. Mkazi wa Chingerezi ndi mkazi wa ku Malindi sanadziwane, koma onse awiri ankagona ndi funso limodzi: kodi adzabwera?

Chimene chinkamsautsa mayiyo koposa njala ndi usiwa chinali kalata. Iye sankadziwa kuwerenga. Kalata ikafika ankaimanga kunsonga ya nsalu, nayenda ulendo kunka kwa mphunzitsi wa pa mishoni. Njira yonse mtima unali m'mwamba, posadziwa ngati wanyamula moyo kapena maliro. Akafika ankagwada nati, "Aphunzitsi, pepani, tandiwerengerani." Mphunzitsi ankayamba waiwerenga chamumtima, ndipo mayiyo ankayang'anitsitsa nkhope yake. Pamenepo ndi pamene ankamva mawu akuti, "Musaope, mayi, ali bwino."

Umo ndi mmene anamvera maina achilendo: Abyssinia, Ceylon, ndipo mu 1944 Burma, kumene asilikali a kuno anamenyana ndi Ajapani m'nkhalango za mvula ndi matope. Poyankha, iye ankanena, mphunzitsi nalemba. Koma kodi mkazi anganene zonse za kumtima kwake podzera pa cholembera cha munthu wina? Ankangoti, "Ana ali bwino, chimanga chacha, mbuzi yaswa." Zotsalazo ankabwerera nazo kunyumba.

Tsiku lina anati kwa mwana wake wamkulu, amene anali pa sukulu, "Iwe, tandionetsa dzina la atate ako." Mwanayo analemba ndi chala pamchenga wa kugombe. Madzulo ali onse, pobwera kotsuka mbale, mayiyo ankatsanzira malembawo, mafunde nawafafaniza, iye nayambanso. Ana anzake a mwanayo ankaseka, koma iye sanaleke. Pakutha pa chaka anatha kuwerenga yekha, ngakhale movutikira.

Nkhondo inatha mu 1945, ndipo chaka chotsatira mwamuna uja anafika, atawonda koma wamoyo. M'makomo ena munali maliro, pakuti si onse anabwera. Iye anapeza denga losadontha, nkhokwe ya chimanga, ndi ana atatu onse amoyo. Anapezanso makalata ake atasungidwa bwino m'kachitini. Mkazi wake anatulutsa yomalizira, naifunyulula, nayamba kumwerengera pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Msilikaliyo anakhala chete kufikira mawu otsiriza. Atatero anavula chipewa chake nati, "Mayi, nkhondo imeneyi tamenya tonse."