Kuchokera ku Likuni kukafika ku Joni

Amayi anzanga a ku Likuni, ku Chinsapo ndi midzi yozungulira, tiyerekeze kuti uthenga wafika wakuti mwana wanu wamkazi wachira ku Joni, ndipo apongozi anu akutumizirani tikiti ya ndege kuti mukaone mdzukulu. Kodi ulendowu mudzauŵerenga bwanji?

Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, limene linatsegulidwa mu 1983, kukafika pa bwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg, pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500. Ndege yopita molunjika imautha mtundawu m'maola aŵiri ndi theka. Mutateleka nyemba zouma pamene ikunyamuka, iyo idzatera inu musanapakule. Koma ndege zina zimayamba zaima pa Chileka ku Blantyre, motero nthaŵi imaonjezekera. Koloko yanu musaisinthe, pakuti nthaŵi ya kuno ndi ya ku South Africa ndi imodzi.

Amene anayendapo pa basi akudziŵa kutalika kwa njirayi. Munthu amatulukira pa Dedza kapena pa Mwanza, naoloka Zambezi pa Tete, naloŵa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, napyola Harare, kenaka naoloka Limpopo pa Beitbridge. Umenewu ndi ulendo wogonera, ndipo ena amafika miyendo itatupa.

Komabe, amayi, maola aŵiri ndi theka aja asakunyengeni, chifukwa ulendo wanu ukuyambira pakhomo panu. Kuchokera ku Likuni kukafika ku bwalo la ndege pali makilomita oposa 30. Mudzadutsa pa Chinsapo, mudzaloŵa m'tauni momwe galimoto zimathithikana m'maŵa, kenaka mudzatsata mseu wa M1 kupyola Kanengo. Pa bwalopo muyenera kufika kutatsala maola aŵiri kapena atatu, kuti akuluakulu aone pasipoti yanu ndi kuyeza katundu pa sikelo. Mukaphatikiza zonsezi, mudzaona kuti nthaŵi ya pansi ikuposa ya mumlengalenga.

Minibasi imadikira kuti idzaze, koma ndege siidikira munthu. Mukachedwa, ndalama zimene ana anu anakhetsera thukuta ku dziko la eni zikhoza kuloŵa m'madzi. Choncho galimoto yokuperekezani muipangane kudakali masiku. Pasipoti ndi tikiti zigone m'kachikwama ka m'manja, pamodzi ndi pepala lolembapo keyala ndi nambala ya foni ya mwana wanu. Ufa, mtedza ndi usipa musamange musanafunse ngati n'zololedwa ndiponso kulemera kwake. Achibale mutsanzikane nawo dzulo lake, pakuti malonje a pa chipata amadya nthaŵi. Musaiŵalenso juzi, chifukwa ku Joni kumazizira koopsa mu Juni ndi Julaye.

Mukalaŵirira, dzuŵa limene lakutulukirani ku Likuni lidzaloŵa mdzukulu ali pamiyendo panu. Wakutsina khutu ndi mnansi.