Maola 1,500

Kulimba mtima kokha sikumukhazika munthu pa chiwongolero cha ndege yonyamula anthu. Pangano limene mayiko adasainirana ku Chicago m'chaka cha 1944 lidabala bungwe la ICAO, ndipo bungweli ndilo limayala maziko a malamulo a ziphaso za oyendetsa ndege. Wofuna kuulutsa ndege monga ntchito yolandirapo malipiro ayenera kukhala wa zaka zosachepera 18. Amalemba mayeso a zanyengo ndi a malamulo a mumlengalenga, ndipo chaka ndi chaka dotolo amamupima maso, makutu ndi mtima. Akakwanitsa zaka 65, maulendo onyamula anthu pakati pa mayiko amamuthera pomwepo.

Komabe chiphaso ndi pepala chabe, ndipo nthawi zina chimabisa zambiri. Usiku wa pa 12 Febuluwale 2009, ndege ya kampani ya Colgan Air idanyamuka ku Newark kupita ku Buffalo, m'dziko la America. Itayandikira bwalo, liwiro lake lidatsika kwambiri ndipo chiwongolero chidayamba kunjenjemera, kuchenjeza kuti mapiko atsala pang'ono kulephera kuinyamula. Mankhwala a vutoli amaphunzitsidwa kwa wophunzira aliyense: kuweramitsa mphuno ya ndege ndi kuwonjezera mphamvu ya injini. Kaputeni, pobalalika, adakokera chiwongolero kwa iye, mphuno n'kudzuka. Ndegeyo idagwera panyumba ina ku Clarence Center, ndipo anthu 50 adafa, mmodzi mwa iwo ali m'nyumbamo.

Ofufuza adapeza kuti kaputeniyo adalepherapo kangapo mayeso a luso louluka, ndipo kampani yake sinkadziwa za kulephera konseko. Womuthandiza adachezera paulendo usiku wathunthu kuchokera ku Seattle, kutsidya lina la dzikolo, kuti adzayambe ntchito.

Abale a omwalirawo sadangolira maliro n'kubalalika. Adapondaponda ku Nyumba ya Malamulo ku Washington mpaka lamulo latsopano lidakhazikitsidwa mu 2010. Kuyambira 2013, wothandiza kaputeni m'ndege za makampani a ku America amafunika chiphaso chapamwamba cha maola 1,500 ouluka, pamene kale maola 250 ankakwanira.

Chodabwitsa n'chakuti oyendetsa awiri a ku Buffalo aja adali atapitirira kale maola 1,500. Maola ndi osavuta kuwerenga, n'chifukwa chake opanga malamulo amawakonda. Koma kodi munthu wouluka maola chikwi kunja kuli ngwee waphunzira chiyani za usiku umene chiwongolero chimanjenjemera m'manja? Mfundo zimene zidakhudzadi gwero la ngoziyo n'zina, zosatchuka kwenikweni. Woyendetsa tsopano amapatsidwa maola 10 opuma asanayambe ntchito. Mbiri ya mayeso ake imasungidwa pamalo amodzi pomwe kampani yofuna kumulemba ntchito iyenera kuiona. Ndipo m'makina oyeserera kuuluka, aphunzitsi amaifooketsa dala ndegeyo mpaka mapiko atalephera, kuti manja a woyendetsa azolowere kukankha pamene mantha akuwauza kukoka.